Mzere Umodzi

1.
Mzere umodzi.

2.
Apongozi amawerenga masiku anga poyang'ana mchere. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, ndiye mwezi ukatha ndikuthirabe, maso awo amawala.
Esinta, pita ku famase. Ugule kodula.

3.
Mayi wa m'famase ku Chilomoni amandidziwa.
Kachipangizo koyezera mimba kachiwirinso? Koviika kapena kodonthezera?
Kodonthezera. Apongozi akuti kotchipa kamanama.
Palibe kamene kamanama, mwanawe.

4.
Mkodzo woyamba wam'mawa, usanamwe madzi, m'kachitini ka majarini, madontho atatu, kenako mphindi zisanu, ndipo m'mphindi zisanuzo apongozi ako aima kuseri kwa chitseko cha bafa akutsokomola dala, mwamuna wako Wyson akupolisha nsapato pakhonde ngati nkhaniyi ndi ya aneba, iwe wagwada pasimenti ponyowa ukunong'ona Mulungu wanga mundimvere, mundimvere kamodzi kanonso

5.
Mzere umodzi.
Bwera nako kuno.
Apongozi amakamanga ndi labala pamodzi ndi tinzake. Akuti umboni. Khirisimasi ikafika zili chonchi tiitana ankhoswe, ubwerere kwanu ku Ntcheu.

6.
Zimene ndamwa m'nyumba muno:
makungwa owawa a sing'anga wa ku Lunzu
madzi odalitsidwa
phala la mizu
mawu akuti chumba
mawu akuti nkhuku yotha chimanga osaikira

7.
Mizere iwiri ndinaionapo kamodzi, zaka zitatu zapitazo. M'nyumba muno siitchulidwa.

8.
Ankhoswe abwera. Apongozi amasula labala, akhuthulira tizipangizo patebulo pafupi ndi makapu a tiyi. Malume anga a Chikuse afunsa akuyang'ana pansi.
Wyson, ukuti bwanji?
Ndapirira mokwanira. Azipita.
Ndinalira mpaka chitenje chinanyowa. Apongozi anandisisita pamsana.
Pepa mwanawe, si kufuna kwako.

9.
Minibasi yadutsa Zalewa. Ndatulutsa kabuku ka kuchipatala kamene kamagona m'kati mwa buku la nyimbo. Jakisoni wolera, miyezi itatu iliyonse, Lachinayi, ndikamati ndapita ku mvano. Ndi iyeyo anaimitsa kumwezi. Mchere wawo uja unkawanamiza.

Mimba ija inali ya miyezi isanu pamene Wyson anaiponda ndi nsapato zomwe amapolishazo, chifukwa cha malaya osasitidwa. Ndinapita kwa ankhoswe omwewa ndikuyenda chowerama. Banja ndi kupirira, Esinta, mwana wina abwera. Bwerera.

Magazi anga sanathetse banja. Tizipangizo tomangidwa ndi labala talithetsa tsiku limodzi.

Ndimadana nawo onse, ndi malume omwe. Koma Mulungu sindingamudandaule. M'bafa muja ankandimvera mwezi uliwonse.

Mzere umodzi.