Chilumba cha Kuseri kwa Nyumba

Mkamwini ndiye adalakwira mpongozi wake, mkulu wina, kalipentala wakale, sabata yomwe mvula idayamba. Adazula matabwa omwe ankalumikiza kachipinda ka kuseri, komwe mkuluyo ankagona, ndi khonde la nyumba yaikulu, n'kukakhomera khola la nkhuku. Matabwawo mkuluyo adawapala yekha manja onse akadali amoyo, n'kuwayala pa njerwa, chifukwa bwalolo ankalidziwa: madzi akafikapo amakhazikika ngati kwawo. Chifere mwendo ndi dzanja lakumanzere, ndodo yake inkagwira pa thabwa pokha. M'matope inkangomira.

Tsopano kumsewu, komwe ankakacheza ndi mnzake wosoka nsapato, kudasanduka kutali. Ankangokhala pampando pakhomo. Chakudya ankabweretsa mwana wake wamkazi atavala majombo a mwamuna wake, n'kubwerera asanafunsidwe kanthu.

Masana ena mdzukulu wake, yemwe ankamutcha Mafunso, adawoloka madzi a pabwalopo atakwinya diresi, buku lili pamutu.

"Agogo, aphunzitsi akuti tikanene kusiyana kwa chilumba ndi kontinenti. Adadi ati ndifunse inuyo, poti mulibe chochita."

"Atero?" adafunsa mkuluyo. "Sukulu ndidalekera panjira, koma zimenezo ndidazipeza. Kokera kuno beseni ilo."

Adavundikira kapu pakati pa madzi a m'besenimo.

"Ichi ndiye chilumba: mtunda wozunguliridwa ndi madzi mbali zonse. Nyerere ikakhala pamwambapa, ilowere kum'mawa, madzi. Kumadzulo, madzi."

"Nanga kontinenti?"

"Nayonso nyanja idaizungulira, munthu asakunamize. Koma ndi chimtunda chachikulu. Muli maiko ambirimbiri, mapiri, zinenero zosamvana. Munthu amabadwa, kukwatira, kukalamba, nyanjayo osaiona n'komwe. Makontinenti alipo asanu ndi awiri basi. Zilumba n'zosawerengeka."

"Ndiye kuti kontinenti ndi chilumba chonenepa?"

"Ukakayankha choncho, usakatchule kuti wamva kwa ine. Tamvera. Pa kontinenti ukatopa ndi anthu umangonyamuka ndi miyendo yako. Pachilumba umadikira mwini bwato."

"Akapanda kubwera?"

"Umakhala."

Mafunso adayang'ana pabwalo pomwe pankayandama chigubu chakale, kenako adayang'ana agogo akewo.

"Lemba zakozo," adatero mkuluyo. "Ukatha, ukawauze bambo ako kuti matabwa anga ndikuwafuna. Lero, osati mawa. Ukanene momwe ndanenera, usakathire shuga."

Mwanayo adawolokanso. Mkuluyo adamuona akuimirira pakhonde pamaso pa bambo ake, omwe ankapukuta njinga. Mkamwini adamvetsera, adaseka pang'ono, n'kukweza mawu osasiya kupukutako.

"Bambo, dikirani mvula ithe. Nkhuku zikagona pamadzi zitha zonse. Komanso inu mukufuna kupita kuti?"

Mkuluyo adafuna kuyankha, koma lilime lake lidali lolemera chidwalire, ndipo mawu ake sakadafika pakhonde ali athunthu. Adayang'ana mwana wake wamkazi, yemwe adaima pachitseko ndi mbale m'manja. Mayiyo adaweramitsa mutu n'kulowa m'nyumba.

Mawa lake Mafunso adakuwa ali pakhonde kuti wakhoza, aphunzitsi amuombetsera m'manja. Sadawoloke, poti madzi adali atafika m'mawondo. Matabwa aja adakali pakhola la nkhuku.