Mzere wa M'galaja

Liwiro anali atazungulira galimoto kawiri, chikhatho chili papenti, pamene bambo ake anatulukira pakhonde atatsamira ndodo.

"Ichotse pansi pa mtengopo," anatero Aphunzitsi, monga anthu ankawaitanira bambowo. "Mbalame."

"Masiku ochepa omwewa sizingadye penti, ababa."

"Ichotse."

Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a amayi. Galimotoyo anaitulutsa m'galaja tsiku lomwe anamwalira, kuti mupezeke malo oika mipando ya anthu, ndipo chiitulutsireni palibe amene anaikumbukira. Mipando inali itabwerera kwa eni ake. Pamwamba pa galimoto panali masamba ouma ndi zitosi.

Liwiro anali mwana wachisamba. Dzinalo anamupatsa ndi amayi ake atangophunzira kuyendetsa, ndipo linamukanirira mpaka kuntchito. Anatulutsa kiyi m'thumba, nasuntha galimoto kuiika pamtetete, n'kukhalabe m'katimo chitseko chili chotsegula.

"Zaka khumi ndi ziwiri, kunjaku kulibe ngakhale kachipsera," anatero. "Koma m'katimu, apa pambali pa giya, pakalika ngati pamadutsa mbuzi."

"Ndi chikwama chawo chija cha zitsulo," anayankha mlongo wake, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime. Anali atatuluka ndi ndowa ndi kansalu, ndipo anayamba kupukuta zitosi zija osafunsa munthu.

"Ine ndikuona ngati tsiku lomaliza lija anabwera atayamba kale kumva m'mutu," anapitiriza Liwiro. "Ndinaipeza itachita kutsamira khoma. Chitseko cha dalaivala osatseguka. Ndinachita kulowera mbali yanu, ababa. Amayi sakanaimika galimoto chonchija ali bwino."

Tsiku limenelo Aphunzitsi anali nawo m'galimotomo pochokera kusitolo. Sanaone kalikonse. Anatsika, nalowa kukhitchini, natereka madzi a tiyi. Mkazi wawo analowa pambuyo pake, nakhala pampando, n'kunena kuti mutu ukulemera. Pofika madzulo anali atapita. Chiyambire tsikulo, Aphunzitsi ankadya akawapatsa chakudya, ankapereka moni akawapatsa moni, koma zonse zinkamveka ngati zikuchitikira kuchipinda china.

"Ababa, tinakambirana ndi Mzime," anatero Liwiro potsika.

"Munakamba ndinu, achimwene. Ine ndinkangomvera."

"Tinakambirana. Mawa ndikubwerera kuntchito. Tinyamukire limodzi. Chipinda chilipo, mpongozi wanu wakonza kale. Nyumba ino titseke kaye. Galimoto ndiyendetsa ine."

"Sindinanene kuti ndikufuna kusamuka."

"Ndiye mukhala bwanji nokha? Kusitolo ndi kutali. Kuchipatala kwa bondo lanulo ndi kutali. Ankakuyendetsani ndi amayi."

"Laisensi ndili nayo."

"Laisensi siyendetsa galimoto, ababa. Munagwira liti chiwongolero komaliza?"

Zinali zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, asanawachite opaleshoni imene inasiya bondo lawo lakumanzere losapindika bwino. Galimotoyo inali yosintha yokha magiya, yongofuna mwendo umodzi, moti akanatha kumayendetsabe. Koma tsiku lotuluka m'chipatala mkazi wawo anawatsegulira chitseko cha mbali inayo, nati, "Khalani apa, bwana, mwalemba dalaivala." Anakhala, ndipo sanachokeponso.

Mzime anafinya kansalu kaja m'ndowa. "Shuga watha, sopo watha. Tiyeni kusitolo. Ayendetse ababa, tione ndi maso m'malo molimbana pakamwa."

Anayenda pang'onopang'ono. Aphunzitsi anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, msana uli chilili ngati mwana wa pabenchi yakutsogolo. Mpando unali pafupi kwambiri, monga anausiyira mkazi wawo, koma anangoubweza pang'ono pokha. Wanjinga wina anawapitirira, n'kucheuka kuti aone ngati m'galimotomo munali vuto.

"Ababa, tikapeza atatseka," anatero Liwiro, amene anakhala kutsogolo.

"Mukanamayendetsa chonchi, achimwene, bwenzi muli ndi dzina lina," anatero Mzime kumbuyo.

Pabwalo loimikapo magalimoto panali malo opanda kanthu pafupi penipeni ndi khomo la sitolo. Liwiro analoza. Aphunzitsi anapitirira. Anadutsa mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka kumapeto kwenikweni kumene kunali mpanda wa waya ndi udzu womera m'ming'alu ya phula. Anakhota, nalowa chafutambuyo. Analakwitsa koyamba, natulukanso, nalowa bwino kachiwiri.

"Ayi ndithu, mpaka kunonso?" Liwiro anaseka pang'ono. Kenaka anakweza chala, nachepetsa mawu ngati a amayi ake. "Osaima pafupi ndi tingolo ta m'sitolo, tilibe mabuleki. Osaima pafupi ndi galimoto yopindikapindika, amene sasamala yake sangasamale yako."

"Osaima pafupi ndi galimoto yokhala ndi kampando ka mwana," anawonjezera Mzime. "Ana satsegula chitseko, amachiponya."

"Ndipo mbali imodzi ikhale ya mpanda, chifukwa mpanda sutsegula chitseko. Mwana iwe, miyendo sinachite penti, yenda!"

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunatha msanga. Mzime anayang'ana kunja. Aphunzitsi anazimitsa injini, natsitsa galasi, napinda kalirole wam'mbali monga ankaonera mkazi wawo akuchita.

Atatsika m'pamene anaona kutalika kwa bwalolo. Zaka zonsezi iwo ankatsikira pakhomo la sitolo penipeni. Mkazi wawo ankawasiya pamenepo, n'kupita yekha kumapeto kuno, ndipo iwo ankaima pamthunzi n'kumayang'ana wotchi. Nthawi zina akafika ankamuuza kuti, "Galimoto imeneyi mumaikonda kuposa ife." Iye ankangoti, "Iyo siyankha."

"Ndikutengereni kukhomo kuja, ababa," anatero Liwiro. "Ndibwera nayonso kuno."

"Ndiyenda."

Anayenda. Ndodo kutsogolo, mwendo wabwino, kenaka wouma uja kuukoka. Dzuwa linali litatenthetsa phula. Pakati pa ulendo anaima, nayerekeza kuwerenga chikwangwani cha sitolo. Liwiro anayang'ana mlongo wake ndi maso onena kuti waona? Mzime sanamuyang'ane. Analowa, nagula shuga, sopo ndi machesi. Mayi wa pakauntala anawazindikira, nawagwira dzanja ndi manja awiri, nati pepani, pepani. Aphunzitsi anati zikomo, n'kufunsa ngati sopo wa mtundu umene anatengawo ndi amene malemu ankagula. Mayiyo anati ayi, n'kupita yekha kukawasinthira.

Pobwerera kugalimoto malaya anali atamatirira kumsana. Sanadandaule.

Nyumba yawo inali pakamtunda. Khomo lakutsogolo linali ndi masitepe asanu ndi limodzi, amene Aphunzitsi anasiya kalekale kuwakwera. Iwo ankalowera m'galaja, chifukwa m'menemo munali chitseko chotulukira kukhitchini popanda sitepe. Galajayo anaimanga ali ndi kagalimoto kawo koyamba, kakang'ono, ndipo itabwera iyi inkangokwanamo mothinana.

Anaima pakhomo la galaja, injini ikulira.

"Apa pokha ndipatseni," anatero Liwiro. "Msewu ndi wina, umu ndi mwina."

"Ndilowetsa ndekha."

"Mukaikala, ababa, mudzamva kuwawa ndinu. Ndipo mukaikala, mawa tikunyamukira limodzi, nkhani yatha."

"Ndamva."

Mzime anatsika ndi katundu, nakaima m'kati pachitseko cha kukhitchini. Aphunzitsi anayang'ana kutsogolo. Zonse zimene mkazi wawo anakonza zinali m'malo mwake. Pasimenti panali mzere wa penti yoyera, woyambira panja mpaka kukhoma lakumapeto. Kudenga kunalendewera mpira wa tenesi pachingwe. Kukhoma la mbali ya dalaivala kunali kapeti yakale ya pabalaza, yokhomedwa ndi misomali. Zinthu zimenezi ankaziona tsiku ndi tsiku, monga munthu amaonera kalendala ya chaka chatha.

Anachita zimene ankaona zikuchitika. Anatsitsa galasi, napinda kalirole. Anasuzumira pansi, naika tayala lakutsogolo pamzere uja. Anamasula buleki pang'ono.

"Mwayandikira khoma," anatero Liwiro.

"Ndili pamzere."

"Ababa, khoma!"

"Ndili pamzere, iwe."

Anabweza mutu m'kati. Kapeti inadutsa pafupi ndi khutu lawo, mpaka anamva fungo lake la fumbi. Liwiro anagwira mpando ndi manja awiri, kudikira phokoso. Phokoso silinabwere. Mpira wa tenesi unakhudza galasi lakutsogolo, n'kugwedezeka pang'ono. Aphunzitsi anaponda buleki, nazimitsa injini.

Mzime anayandikira, nasuzumira mbali ya kukhoma.

"Palibe pamene yakhudza," anatero Mzime.

Liwiro anatsegula chitseko chake. Chinatseguka chonse, mpaka kumapeto, ndipo anatsika ngati akutsikira pabwalo. Aphunzitsi anamasula lamba, nakoka chogwirira cha chitseko chawo. Chitsekocho chinasuntha ngati zala zinayi, n'kutsamira kapeti.

"Mwaona? Mwachitanso zomwe anachita amayi tsiku lija," anatero Liwiro. "Bwererani m'mbuyo, muiike pakati."

Mzime anali atasiya katundu pansi. Ananjuta kutsogolo kwa galimoto, nayang'ana tayala.

"Achimwene, tabwerani."

Liwiro anapita, nawerama. Tayala linali pamzere ndendende, losapatukira uku kapena uku. Pentiyo sinali ya dzulo. M'mphepete mwake munkaoneka kuti anaipaka kangapo, ina pamwamba pa inzake, yapansi itachita chikasu. Pakapeti, molunjika pamene chitseko chinatsamira, panali kamzere konyololoka, kosalala ngati chigongono cha juzi yakale.

"Ndiye ankatsika bwanji?" anafunsa Liwiro. Anafunsa motsitsa, osayang'ana munthu.

Aphunzitsi anali atakhala manja ali pamiyendo. Anayang'ana mpando wawo wa masiku onse, ndi malo onse aja amene anali kuseri kwake, okwanira chitseko, ndodo, ndi mwendo wosapindika. M'mawa uliwonse akamatuluka kukhitchini ankamupeza mkazi wawo atakhala kale pachiwongolero, akuliza hutala pang'ono kuti afulumire. Pobwera, injini ikangozima, mawu ankakhala omwewo: "Tsogolani, bwana, mukatereke madzi. Ine nditole tinthu tanga." Iwo ankatsogola. Nthawi zina ankaitana kuchokera kukhitchini kuti tiyi akuzizira, tinthu take tochuluka bwanji. Mbali ya kukhomayo sanaizungulirepo n'kamodzi komwe, chifukwa kunalibe chokatenga.

Anatsitsa maso. Pambali pa giya panali pokalika paja, pamene Liwiro anati pamadutsa mbuzi. Mizereyo inali yambiri, yonse yolowera mbali imodzi, yonse pamalo amodzi okula ngati chidendene cha nsapato.

"Ababa," anatero Liwiro atasuzumira pachitseko chotsegula chija, "ingoitulutsani, ndikuthandizeni. Mzerewu tikhoza kuusuntha. Panopa palibenso chifukwa choti..." Sanamalize.

"Usiye."

"Bondo lanulo."

"Tsogolani," anatero Aphunzitsi. "Mukatereke madzi."

Mzime anatola katundu uja, nagwira mchimwene wake pamkono. Liwiro anaima kanthawi, kenaka anakankha chitseko cha galimoto pang'onopang'ono mpaka chinatsekeka, natsatira mlongo wake. Chitseko cha kukhitchini anachisiya chotseguka pang'ono.

Aphunzitsi anamva mpopi ukutseguka, madzi akulowa m'ketulo. Anamva Liwiro akulankhula pafoni motsitsa mawu: "Ayi, ndibwera ndekha. Pabasi. Eya, chipindacho chisiye choncho, adzabwera kudzacheza." Kenaka kunamveka kiyi wachiwiri wa galimoto, amene anakhala m'thumba la Liwiro chiyambire tsiku la maliro, akukolekedwa pamsomali wa kuseri kwa chitseko.

Anatenga ndodo, naiika kumpando winawo. Anagwira mwendo wouma uja ndi manja awiri pansi pa bondo, naunyamula kuudutsitsa pamwamba pa giya. Unawawa mpaka m'chiuno. Anapumira. Anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, lina pamsana wa mpando, nadzikweza, mutu n'kugunda denga. Phazi lotsalalo linasowa popondera. Linafufuza m'munsimo, ndipo chidendene chinakhazikika chokha pamalo okalika paja.

Anadzikankha, nagwera pampando wawo.

Anakhala pamenepo mpaka mpweya unabwerera. Mpira wa tenesi unali utasiya kugwedezeka. Kukhitchini ketulo inayamba kulira, ndipo palibe amene anawaitana kuti afulumire.

Anatola ndodo, nakankha chitseko. Chinatseguka chonse, osakhudza kanthu.