Tsiku Limene Anasudzula a Hamilton

A Hamilton anachira chifuwa chachikulu, koma makutu awo anatsalira komweko. Jakisoni amene ankawabaya kwa miyezi yambiri anapha matendawo, ndipo anapheranso kumodzi mtsempha umene umanyamula mawu kuchokera m'khutu kupita ku ubongo. Adokotala anawauza mosabisa kuti mtsempha umenewo ukafa sudzukanso. Khutu lamanja linatsekeka kotheratu. Lamanzere linatsala ndi kamphamvu pang'ono: munthu akasendeza pakamwa pafupi n'kuyankhula mosathamanga, iwo ankamva. Kupatula apo, m'mutu mwawo munkangolira ngati nyenje za m'chilimwe.

Anali bambo wosunga ulemu wake, ndipo sankalola kukuwiridwa. Ankati kukuwira munthu wamkulu ndi mwano, kaya munthuyo ndi gonthi. Choncho pamene akazi awo, a Margret, anali moyo, ndiwo okha ankakhala kumanzere kwawo n'kumawafotokozera zonenedwa. A Margret atamwalira, malo amenewo anatenga mwana wawo wamkazi, Elestina. Mlendo akafuna kukweza mawu, a Hamilton ankamuletsa ndi dzanja.

"Musavutike, bambo. Uzani Elestina. Ameneyu ndiye khutu langa."

Kwawo kunali ku Nchema, koma anabwera m'mudzi wa pafupi ndi Njuli ali mnyamata, kudzakhala chikamwini. Pokhala mmisiri womanga, anaumba njerwa okha, kuotcha okha, n'kumanga nyumba ya malata imene anthu ankalozerana akamadutsa. Elestina ndi mwamuna wake Chester, pamodzi ndi ana awo, ankakhala kuseri m'kanyumba kaudzu kodontha. Tsopano mkazi atamwalira, mwambo unafuna kuti abale a malemu asudzule mkamwini: amuuze ngati atsale kapena abwerere kwawo. A Hamilton sankafuna kuchoka. Ku Nchema kunalibe munda wawo ngakhale khoma lawo.

Tsiku losudzula anthu anasonkhana pabwalo la nyumbayo. Mbali ya malemu inatsogozedwa ndi a Frackson, mlongo wa a Margret, amene anali mwini mbumba. Mbali ya a Hamilton kunali mng'ono wawo, a Geoffrey, nkhoswe yawo. Elestina anagwada kumanzere kwa bambo ake.

A Frackson anaimirira n'kuyankhula nthawi yaitali. A Hamilton ankangoona milomo ikuyenda ndi dzanja likuloza, mwina kunyumba, mwina kumsewu. Kenaka anamva mpweya wofunda wa mwana wawo pakhutu.

"Akuti munawasunga bwino amayi. Akuti palibe amene akukuganizirani choipa pa imfa yawo."

Anagwedeza mutu. A Frackson anapitiriza, ndipo Elestina anachedwa pang'ono asanasendere kachiwiri.

"Akuti nyumba munamanga ndinu. Akuti mukhale momwemo mpaka Mulungu adzakuitaneni."

Munthu woleredwa bwino akapatsidwa chinthu sadikira kuti wina amuthokozere. A Hamilton anavula chipewa, anawerama, naomba m'manja mwaulemu. Aliyense m'dera limenelo amadziwa kuti mwini nkhani akaomba m'manja, ndiye kuti wavomera ndipo nkhani yatha. Anaonjezeranso mawu, mokweza kuposa mmene iwo ankaganizira.

"Alamu, mwayankhula za umunthu. Ndilibe choonjezera. Zikomo kwambiri."

Anaona a Geoffrey, amene anali atayamba kunyamuka pampando, akuwayang'anitsitsa kukamwa kuli yasa, kenaka n'kukhalanso pansi. Amayi ena anaweramitsa mitu. A Geoffrey anachoka osadya, osatsazika. A Hamilton anakhumudwa ndi khalidwe limenelo, ndipo anakonza zodzawadzudzula.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina, anali akumata simenti pakhonde pamene panang'ambika. Anaona njinga zamoto ziwiri za kabaza zikuima pabwalo, ndipo pa imodzi panatsika a Geoffrey. Anayankhula, koma milomo yokha ndiyo inaoneka.

"Dikirani, ndiitane Elestina," anatero a Hamilton.

A Geoffrey sanadikire. Anawagwira phewa ngati akugwira mbuzi, naika pakamwa pakhutu.

"Achimwene! Katundu ali kuti?"

"Geoffrey, ulemu unausiya ku Nchema? Katundu wanji?"

"Kodi pa ugonthipo mwaonjezanso kuiwala? Ndabwera kudzakutengani! Mukumata khonde la eni ake?"

"Eni ake ndani? A Frackson anati ndikhale."

A Geoffrey anabwerera m'mbuyo, anawayang'ana, nasenderanso. Ulendo uno anayankhula pang'onopang'ono, liwu limodzi limodzi.

"A Frackson anati mwamasulidwa. Anati mubwerere kwanu mvula isanagwe, nyumba itsalire ana. Ine ndinabwera nditakonzeka. Ndinkafuna kunena kuti nkhalamba yodwala, yakhala pano moyo wake wonse, sithamangitsidwa ngati galu wakuba mazira. Akuluakulu ena a mbali yawo yomwe anali nafe. Ndisanatsegule pakamwa, inu pha pha pha m'manja! Mpaka zikomo kwambiri! Ine ndikanatsutsa chiyani mwini wake atathokoza? Ndinangoti kaya achimwene atopa nawo mudzi uno."

A Hamilton anaika pansi simenti imene inali m'manja mwawo. Anasamba m'manja bwinobwino m'chidebe, anapukuta, nakhala pampando. Atatero anaitana.

"Elestina!"

Anabwera kuchokera kuseri, ndipo ataona njinga zija anagwada patali.

"Sendera. Pamenepo sindimva, ukudziwa."

Anasendera.

"Tsiku lija amalume ako anati chiyani?"

Kunalibe mpweya pakhutu. A Hamilton anatembenuka naona mwana wawo akuyang'ana pansi.

"Ndafunsa."

"Anati mupite, ababa."

"Nanga iwe unandiuza chiyani?"

"Mukanakana, nkhani ikanakokakoka mpaka chaka chamawa. Denga lathu mukulidziwa. Mvula ikagwa ana amagona choimirira, pamene inu muli nokha m'zipinda zonsezi."

"Ukanapempha."

"Ndinapempha, amayi ali moyo. Munati mkamwini aumbe njerwa zake monga munachitira inu."

Zimenezo anazikumbukira, ndipo sanazikane.

"Wakutuma ndi Chester?"

Anafunitsitsa kuti yankho likhale lakuti inde. Mkamwini waulesi ndi chinthu chodziwika, munthu amatha kuchipirira.

"Ayi, ababa. A Chester sakudziwa kanthu. Iwonso akuganiza kuti munavomera nokha. Ndinaganiza ndekha, nditagwada pompaja."

"Ndipo masiku onsewa unkandiona ndikumata khondeli. Unkandibweretsera madzi osakanizira simenti."

A Geoffrey anamukankha Elestina pang'ono natenga malo ake.

"Achimwene, nkhaniyi siinathe! Tiyeni kwa a Frackson pompano. Aitanenso anthu. Munene kuti simunamve kanthu, ndipo uyu avomere pagulu kuti ananamiza bambo ake omubala. Ndani adzakuchotseni atamva zimenezo? Manyazi okha adzawagwira. Iwe, Elestina, ukazimva! Ngakhale kumpingo ukaima kutsogolo!"

A Hamilton anayang'ana makoma amene anawongola ndi manja awo, ndi malata amene anakhoma a Margret akuwagwirira makwerero. Anadziwa kuti mng'ono wawo akunena zoona, nyumbayo akanaipeza. Anadziona atakhalanso pabwalo lomwelo, milomo ya anthu ikuyenda, manja akuloza uku ndi uku, iwo akudikira kuti wina asendere.

"Geoffrey, iwe ukabwerera ku Nchema, ine ndidzatsala ndi yani? Kukagwa maliro, adzandiuza ndani? Adokotala akanena kanthu, adzandiuza ndani? Munthu akadzandipatsa moni, ndidzadziwa bwanji kuti sanandituke? Makoma sayankhula."

"Ndiye mungomusiyira? Wakuberani nyumba masanasana!"

"Nyumba ndi njerwa. Chimene wanditengera mwanayu sungachibweze ndi msonkhano. Mangani katunduyo."

Sanatenge zambiri: zovala, bulangete, Baibulo ndi zipangizo zawo zomangira. Anavala jekete, napita wapansi kwa a Frackson kukatsazika monga mwambo ufunira. Za bodza lija sanatchule. A Frackson anayankhula zambiri, ndipo a Hamilton sanafunse aliyense kuti akuti chiyani.

Atabwerako anapeza katundu atamangidwa panjinga imene anakwera a Geoffrey. Pamene ankakwera inayo, Elestina anathamanga misozi ili m'masaya, nawerama kuti afike pakhutu lawo. A Hamilton anatukula dzanja n'kumuimitsa asanayandikire.

"Khalani pomwepo, mayi. Khonde lija simenti yake ikadali yaiwisi. Ana asapondepo mpaka mawa."

Anagwira phewa la wakabaza, ndipo njinga inanyamuka. Potembenukira kumsewu anaona Elestina akadaima pabwalo, pakamwa pake pakutseguka ndi kutsekeka. Sanamve kalikonse.