Mayi Natália Abwerera ku Mjigo

Gildo sanali mwana woipa, tisamunamizire. Bambo ake, a Matias, atamwalira, iye ndiye anayendetsa maliro onse osadandaula. Vuto lake linali manyazi basi.

Patatha miyezi iwiri chichitikire malirowo, ananyamuka ku tauni ya Cuamba, kumene ankakonza mamota, njinga zamoto zija, kupita kwawo ku Itepela. Anakumana ndi mayi ake pamsewu akuchokera ku mjigo, ndowa ili pamutu, kapulana, nsalu yomanga m'chiuno ija, yanyowa mbali imodzi. Mayi Natália, munthu wa imvi mutu wonse! Gildo anangofuna nthaka imumeze.

"Mayi, anthu azinena chiyani? Mwana wanu ali pa ntchito m'tauni, inu n'kumasenza madzi ngati simunabereke?"

"Ndowa imodzi si katundu, mwanawe. Komanso kumeneko n'kumene ndimaona anthu."

"Anthuwo azibwera kuno."

Tsiku lomwelo anagwirizana ndi a Assane, bambo wonyamula katundu pa njinga, kuti m'mawa uliwonse azibweretsa zigubu zinayi za madzi. Dimba la mayi ake analipereka kwa msuweni wake. Anagulanso mpando wa pulasitiki wokhala ndi manja n'kuuika pakhonde.

"Inu ntchito yanu tsopano ndi kupuma," anatero.

Anabwerera ku Cuamba chifuwa chili patsogolo, n'kumakauza anzake kuti mayi ake sagwiranso khasu kapena ndowa. Lamlungu lililonse ankaimba foni. "Muli bwanji, mayi?" Yankho linali limodzi: "Ndilipo." Miyezi isanu ndi iwiri ya "ndilipo", ndipo mkulu ameneyu ankamva ngati zonse zili bwino.

Amene anamutsegula maso ndi mlongo wake Tina, wokwatiwa ku Mandimba. Sanapereke n'komwe moni pa foni.

"Achimwene, bwerani mudzaone ntchito ya manja anu."

Gildo anawapeza mayi ake pa mpando uja, atautembenuzira kukhoma. Anali ataonda, tsitsi losapesa, nkhuku zikujompha m'mbale yawo iwo osazipirikitsa. Awa ndi mayi amene kale ankasesa bwalo akuimba mpaka oyandikana nawo kudandaula. Anamuuza kuti tulo sitibwera, chakudya sichikoma, ndipo mutu umangoyankhula wokha za malemu.

Anawakweza pa mota kupita nawo kuchipatala. Namwino anayeza malungo, anayeza magazi, osapeza kanthu. Kenako anaika cholembera pansi.

"Mayi, tsiku lonse mumachita chiyani?"

"Ndimakhala."

"Mumacheza ndi ndani?"

Mayi Natália anapukusa mutu.

"Nanga kale?"

Apo ndiye lilime linamasuka. Anafotokoza za ku mjigo, za a Benedita, mnzawo amene anathawa naye limodzi nkhondo kupita ku Malawi n'kubwerera naye limodzi. Anati maliro atangochitika, ankati akafika pamzere amalira, amayi anzawo n'kuwasiya alire, kenako wina amayambitsa miseche mpaka iwo kuseka misozi isanaume. Akabwerako amatha kudya, amathanso kugona.

"Ndiye munasiyiranji?" anafunsa namwino.

Mayi anayang'ana pansi. Sanamuyang'ane Gildo ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa akanamuloza chala. Namwino anati mtima nawo uli ndi chakudya chake: kuyenda, kugwira kantchito, kuyankhula ndi anthu. Anawauza kuti ayambirenso pang'onopang'ono, ndipo abwerenso pakatha masabata awiri kuti aone ngati pakufunika thandizo lina.

Pobwerera Gildo anawakwezanso pa mota. Ankamva manja a mayi ake atamugwira m'chiuno, opepuka ngati a mwana, ndipo ankadziwa bwinobwino kuti amene wawafikitsa pamenepo ndi iye. Atafika kunyumba anayesa kukonza zinthu.

"Mayi, mawa mupite ku mjigo."

"Kukatani? Madzi ali mbwee m'nyumba. Mudzi wonse umaona a Assane akutsitsa zigubu. Ndikapita ndi ndowa azindiyesa wamisala."

Taonani tsono nzeru za makaniko. M'mawa mwake a Assane atatsitsa katundu wawo, Gildo anawathokoza n'kuwauza kuti asadzabwerenso. Anakokera zigubu zija kuseri kwa nyumba, n'kukhuthulira madzi onse pa nthochi, chimodzichimodzi mpaka chachinayi. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kuba madzi m'nyumba ya mayi ake! Kenako anapita pakhonde nkhope ili gwa.

"Mayi, njinga ya a Assane yawonongeka. M'nyumba mulibe ndi dontho lomwe, ndipo ine msanawu wandigwira."

Mayi Natália anamuyang'ana nthawi yaitali. Anadzuka, anamanga kapulana, anatenga ndowa n'kutuluka, akuyenda ngati munthu amene wangochira kumene.

Gildo anakhala pa chitsa n'kumadikira. Anaganiza kuti akachedwa, ndiye kuti zayenda. Ankapemphera kuti abwere dzuwa litakwera, chakudya chichedwe, iye afe ndi njala, zilibe kanthu.

Sipanathe ndi theka la ola lomwe. Anawaona akukhota pa mpanda, ndowa yodzaza.

"Mwabwera kale? Kunalibe anthu?"

"Anadzaza. Mzere mpaka pa mtengo wa mango."

Anatula ndowa ija n'kukhala pansi pa dothi.

"Atangondiona, onse anapatuka. Akuti, 'Tungani, adona, musachedwe.' A Benedita anandipopera okha, ananditwika, n'kunena kuti ndiyende bwino. Ngati mlendo, Gildo. Akuganiza kuti ndinawataya chifukwa mwana wanga walemera."

Gildo anagwada pambali pawo.

"Mayi, ndine ndachita zimenezi. Inu munandiuza, ine sindinamve. Ndikhululukireni. Ndipita pompano ndikawafotokozere kuti wolakwa ndine."

"Iwe ukawauza chiyani? Ukangowonjezera moto. Adzati tsopano watumiza bwana wake kuti adzatiyankhule."

"Ndiye nditani?"

"Palibe. Zina sungakonze ndi sipanala."

Anamuyang'ana miyendo ya buluku, yonyowa mpaka m'mawondo, matope a pa nthochi ali kakaka. Sanaseke, koma kwa nthawi yoyamba chifikire Gildo, mawu awo anatuluka ndi mphamvu.

"Nthochi zamwa mokwanira, usadzatayenso madzi. Mawa ndidzapita ndekha. Akadzapatuka ndidzakana. Ndidzaima kumapeto kwenikweni, tsiku ndi tsiku, mpaka wina adzandilalatire kuti ndowa yanga yaima pamalo pake."