Mizere pa Kapinga wa ku Ntchisi

Pali khalidwe lina labwera masiku ano, loti munthu akafuna kuchitira mnzake zabwino, ayambe wamubisira kuti akamudzidzimutse. Achinyamata amalikonda kwambiri. Koma munthu wamkulu sadzidzimutsidwa; amauzidwa, ndipo amauzidwa nthawi ilipo. Alexio, kalaliki wa pa sitolo ina ya mbewu ndi makasu pa Mponela, anaphunzira zimenezi m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi.

Alexio anakwatira Luckness, mwana wa mayi Margareta Naphiri a ku Bowe, amasiye olima fodya, amene analera ana awo ndi khasu mpaka kufoleretsa nyumba yawo ndi malata. Mayiwa sanamukane mkamwini wawo, komanso sanamuyamikepo. Mawu amodzi okha ndi amene anamufika kudzera kwa alamu ake: akuti munthu wogulitsa makasu koma manja ali osalala ngati a khanda, sakudziwika ngati angasunge mkazi chaka cha njala. Mawuwa anamukhala pamtima. Chimene Alexio ankafuna pa dziko lino chinali choti apongozi ake adzanene, ngakhale kamodzi, kuti mwana wawo anagwera pabwino.

Tsiku lina kasitomala wina anamuuza za malo ogona alendo kumtunda kwa Ntchisi, kumene anthu a ku Lilongwe amapita kukapuma: timanyumba ta matabwa pansi pa mitengo, bwalo lokhomapo matenti, mphepo yozizira ndi anyani. Alexio anaganiza kuti mayi amene sanapumepo chibadwire ayenera kukapuma kumeneko. Anasungitsa timanyumba tiwiri, pakuti ulemu anali nawo, ndipo ankadziwa kuti mkamwini sagona denga limodzi ndi apongozi. Pamene analakwitsa ndi pamene anauza Luckness kuti, "Usawauze kanthu. Akangoona okha."

Ananyamuka Lachisanu masana, mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana. Galimoto inasiya phula n'kuyamba kukwera mapiri. Mayi Naphiri anakhala kumbuyo, atafungatira kathumba ka mtedza, akuona midzi ikucheperachepera mpaka kutheratu.

Atatsika, anaima n'kuyang'ana. Kanyumba kanali ka matabwa, kofolera ndi udzu, koimikidwa pa nsanamira ngati khola la mbuzi. Waya wa magetsi panalibe. Munda panalibe, nkhokwe panalibe, belu la tchalitchi silikanamveka kuno ngakhale mphepo itachokera kwabwino. Chapatali anaona matenti, ndipo anthu ovala bwino ndithu atanjuta akukoleza moto pa mafuwa. Matenti otere anawaonapo ku Dzaleka, kwa anthu ongofika kumene othawa nkhondo.

Alexio anaima patali, monga mwa ulemu, akumwetulira mano onse pamtunda.

"Amayi, mwapaona bwanji?" anafunsa Luckness. "Apasankha okha a Alexio."

"Ndapaona," anatero mayiwo. Anatsitsa mawu. "Kodi ntchito ku Mponela ikuyenda?"

"Aa, amayi, za ntchito zisiyeni. Musawakumbutse, atopa nayo."

Mayi Naphiri sanafunsenso. Kwa iwo nkhani inali itamveka: mkamwini wachotsedwa ntchito, nyumba ya lendi yamukanika, wapeza chisakasa m'thengo choti asungiremo mwana wawo, ndipo manyazi amuletsa kunena. Anakwera makwerero a kanyumba kawo mwakachetechete, n'kugwedeza mzati umodzi kuti aone ngati chiswe chalowa.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, anapita ku matenti kuja ndi kathumba kawo. Anapeza mayi wina wachitsikana, dzina lake Princess, akulimbana ndi nkhuni zaziwisi, maso ali ofiira ndi utsi. Anamukonzera moto, n'kumutapira mtedza m'mbale.

"Limbani mtima, mwananga," anatero. "Zimatha izi. Ifenso tinayambira pansi."

Princess, amene galimoto yake yaikulu inali kuseri kwa mitengo, anathokoza mwaulemu, osamvetsa chimene chimatha.

Loweruka m'mawa nkhungu inali itakuta phiri. Alexio anadzutsidwa ndi phokoso limene ankalidziwa kuyambira ubwana: khasu likulowa m'nthaka yonyowa. Anasuzumira pa zenera.

Kutsogolo kwa timanyumbato kunali kapinga wobiriwira, wometedwa bwino, amene alendo ankakonda kujambulitsapo. Theka la kapingayo linali litasanduka munda. Mizere inali yowongoka, yonenepa, yodula phiri chopingasa monga amaphunzitsira alangizi. Pakati pake panali apongozi ake, chitenje atamanga m'chiuno, khasu la pamalopo lili m'manja.

Asanapeze nsapato, anaona bambo Kalebe, woyang'anira malowo, akubwera chothamanga, manja ali m'mwamba.

"Amayi! Amayi inu! Mukutani?"

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anayankha mayi Naphiri osaweramuka. "Munthu amayamba ndi moni."

"Ndadzuka, kaya inu. Koma kapinga uyu tinachita kubzala! Timathirira ndi ndowa chilimwe chonse!"

Apa mayiwo anaweramuka n'kumuyang'ana bwinobwino. "Mumathirira udzu?"

"Eya!"

"Mbuzi zake zili kuti?"

"Si wa mbuzi, ndi woti anthu aziona."

"Ndiye n'chifukwa chake nonse muli m'matenti," anatero mayiwo, n'kuponyanso khasu. "Mvula ili pakhomo, nthaka yakuda chonchi, amuna athunthu mukuthirira udzu. Inu chitani zanu, koma mwana wanga sadya kapinga. Akamwini angawa agwa m'mavuto, ndipo khasu salidziwa. Ndiwayambira ine. Mbewu ndibweretsa ya kwathu."

Anthu a m'matenti anali atayamba kusonkhana ndi makapu a tiyi m'manja. Luckness anatuluka, anamva mawu otsirizawo, n'kugwira pakamwa. Anayang'ana mwamuna wake. Nkhani imeneyi sinalinso yotuma mkazi.

Alexio anatsika makwerero wopanda nsapato. Anayenda mpaka pamalire a munda watsopanowo, n'kunjuta pa udzu wonyowa ndi mame, maso ali pansi. Chikwatirire anali asanalankhulepo ndi apongozi ake mawu opitirira moni.

"Amayi, ndalakwa ndine. Ntchito sinathe. Nyumba ya ku Mponela ilipo. Kuno si kwathu ayi, ndi malo ogona alendo. Ndinakutengani kuti mudzapume masiku awiri, mudzaone nkhalango, ena akuphikireni. Ndinafuna kukudzidzimutsani."

"Mwandidzidzimutsadi," anatero mayi Naphiri. Anatsamira mpini. "Ndiye mukuti anthu amachoka m'nyumba za malata ndi magetsi, kudzagona m'chigafa mwadala?"

"Amatero, amayi."

"Ndi awa a m'matentiwa?"

"Ine ndimagwira ntchito ku banki, amayi," anatero Princess mwamanyazi. "Koma mtedza unali wokoma."

Kenako mapewa a mayi Naphiri anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kukhala pa mzere umene anaunga okha, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Mayo ine! Zigafa ziwiri zili kwathu ku Bowe zikungokhala fodya akatha. Bwerani mudzapume, a ku banki, muli ndi makoswe omwe!"

Onse anaseka, kupatula bambo Kalebe, amene ankayang'ana kapinga wawo ngati munthu woyang'ana dimba lodyedwa ndi ng'ombe. Mayi Naphiri anawaona, ndipo kuseka kunatha. Iwo sanali munthu woononga chinthu cha mwini n'kuchokapo.

"Bambo, pepani. Ndalima pa eni. Ndifafaniza ndekha."

"Iyayi, amayi," anatero Alexio. Anaimirira, n'kutambasula manja onse awiri. "Wolakwa ndine. Ndipatseni khasulo."

Anamupatsa, ndipo anakakhala pa khonde la kanyumba kawo kuti aone. Alexio anavula malaya. Analiyeza khasulo m'manja kamodzi, n'kuyamba kugwetsa mizere, kusalaza nthaka, kutola zigamba za kapinga zimene zinali zitatembenuzidwa, kuzibwezera chimodzichimodzi mizu pansi, n'kuzipondereza ndi chidendene. Anabadwira pamudzi ngati wina aliyense. Sitolo inangomusalalitsa zikhatho, msana unali ukukumbukira. Dzuwa litakwera matuza anatuluka, ena anaphulika, koma sanaime. Bambo Kalebe anabweretsa ndowa, ndipo ataona mmene ntchito ikuyendera, nkhope yawo inamasuka. Anati mvula ikangogwa kawiri, chilonda cha kapingayo chipola.

Pamene ankagwira ntchitoyo, Alexio ankalingalira chinthu chimodzi. Mayi amene iye ankawaopa, ataganiza kuti wasauka mpaka kukhala m'thengo, sanamange katundu wa mwana wawo kuti abwerere naye ku Bowe. Anadzuka m'mamawa kukamulimira munda.

Atamaliza, Luckness anamutengera madzi osamba m'manja. Mayi Naphiri anali atakhala pa mpando wa nsungwi, miyendo atawongola, kapu ya tiyi ili pambali. Gulu la anyani linkadutsa m'nthambi za mkuyu, ndipo iwo ankawayang'ana mwachidwi, pakuti kanali koyamba kuona anyani popanda chifukwa chowathamangitsira.

"Luckness," anaitana, mokweza ndithu kuti wina amve. "Uwauze amuna ako kuti khasu amalitha. Amene ananena kuti saligwira ananama."

"Munanena ndinu, amayi."

"Ndiye ndinanama. Uli pabwino, mwana wanga." Anamwa tiyi pang'ono. "Uwauzenso kuti ulendo wina azinena. Ndikanabwera ndi nsapato za ku tchalitchi."

Masana bambo Kalebe anawatsogolera m'nkhalango, m'kanjira kozizira ka pansi pa mitengo italiitali. Mayi Naphiri anali patsogolo, akufunsa dzina la mtengo uliwonse ndi kutsutsa mayankho ena. Alexio anali pambuyo, patali monga mwa ulemu, manja omanga nsanza, akumwetulira yekha. Atafika pamalo pena poyera, mayiwo anaima, anatola dothi, n'kulifikisa pakati pa zala.

"Nthaka iyi," anatero mousa moyo.

Bambo Kalebe anasuntha msanga n'kuima pakati pa iwo ndi malowo.