Amayi a Aliyense

1.
Amayi. Mawu amenewa ndi otakata ngati chitenje. Wogulitsa tomato ndi amayi. Wosesa m'kalasi ndi amayi. Munthu atha kubisalamo osanama ngakhale pang'ono.

Sungeni anabisalamo masiku atatu.

2.
Mwezi wa Febuluwale, mapemphero a Lachitatu atatha, Sungeni anakokera Yankho kuseri kwa tchalitchi cha pa yunivesite. Yankho anali mnzake wopemphera naye.

Ndili ndi chopempherera, koma chithere pompano.

Nena, chemwali.

Mvula yagwetsa khoma la nyumba ya mayi anga. Akugona m'khitchini pamodzi ndi nkhuku.

Ku Eriya 18?

Ku Eriya 18 n'kwa amalume. Kwathu n'kwa Kanyumbu, kuseri kwa phiri la Dedza. Pasukulu pano palibe akudziwa.

Anagwada. Yankho analira kuposa mwini nkhani. Atanena ameni, Yankho anamupsompsona pachipumi.

Chithere pompano.

3.
Tchuthi. Gulu la mapemphero linanyamuka kukatumikira osowa, monga limachitira chaka ndi chaka. M'minibasi munalowa:

malata
matumba a simenti
gitala ya Limbani, tcheya wa gulu
sopo, mchere, mabulangete awiri
ophunzira khumi ndi anayi, atavala matisheti olembedwa kuti Manja a Ambuye
Sungeni, amene sanafunse n'komwe kumene akupita, poti chaka chino malo anasankha ndi mlembi.

Mlembi anali Yankho.

4.
Sungeni anayamba kuzindikira minibasi itasiya tala n'kukhotera kumanzere pa chigayo, kenaka mkuyu uja, kenaka mjigo umene anaguluka nawo dzino ali Sitandade 4, kenaka sukulu ya mawindo opanda magalasi, anzake akuimba ndi kuwomba m'manja, Limbani akuphonya zingwe za gitala chifukwa cha mabampu, ndipo Yankho pampando wakutsogolo akucheuka n'kumamumwetulira ngati munthu wobisa mphatso kumsana, ndipo Sungeni akukumbukira kuti ngakhale uja anapereka Mbuye wake m'munda anayamba ndi kupsompsona

5.
Pabwalo panali amayi a Mvano oposa makumi awiri, atavala zoyera ngati tsiku la Mgonero.

Eee, atilandira ngati abusa, anatero Limbani.

Mwini nyumba yogwayo, aNambewe, anayenda chogwada pamphasa kupereka moni kwa mmodzimmodzi. Muli bwanji, bambo. Muli bwanji, mayi. Atafika pa Sungeni anaima, manja onse awiri atatambasula kale.

Sungeni anapereka dzanja limodzi.

Muli bwanji, amayi.

Monga ananenera Limbani. Monga ananenera onse. Chibadwire sanawaitanepo choncho. Iye amati Ama.

ANambewe anayang'ana dzanjalo. Kenaka analilandira atagwira chigongono chawo, monga achitira munthu kwa mlendo.

Ndili bwino. Kaya inu?

Inu.

6.
Kuseri kwa mulu wa njerwa.

Wandigulitsa, Yankho.

Ine? Tinapemphera, Mulungu wayankha. Ukufunanso chiyani?

Ndinati uuze Mulungu, osati komiti.

Komiti ikudziwa kuti ndi mayi wamasiye, basi. Dzina lako sindinatchule. Ndimati ukatchula wekha.

Kuti Limbani ajambule, aike pa foni, kalasi yonse ione pamene amagona mayi anga? Azinditcha mwana wa mabulangete?

Sungeni, aja ndi mayi ako.

Ndinati chithere pompano. Sindinatero?

Unatero.

7.
Tsiku lachiwiri anyamata anakwera padenga. Atsikana anapatsidwa ntchito yozira khonde. Anzake ankapaka dothi ngati majarini pa buledi, likugwa, iwo akukuwa. Sungeni anagwada. Dzanja linayenda lokha, mizere yokhota yosanjana ngati mamba a nsomba, kaziridwe ka aNambewe kodziwika m'mudzi monse.

Sisi Sungeni, anafuula Limbani padenga, za ku Eriya 18 zimenezi?

Ndinaonera pa foni.

Ophunzira anaseka. Amayi a Mvano, amene ankatunga madzi a ntchito, sanaseke.

Tambala wa aNambewe anali atadyedwa dzulo lake polandira alendo, choncho panalibe cholira.

8.
Amene akanatha kuulula:

azakhali ake, amene anamupatsira madzi osamba m'manja
aphunzitsi opuma ntchito, amene anamuphunzitsa a e i o u
aNachisale, mtsogoleri wa Mvano, amene anamudula mchombo.

Palibe anaulula. Zikomo inu. Pepani inu. Khalani pampando inu, pansi pangakudetseni. Mudzi wonse unamufunditsa ulemu mpaka anasowa popumira.

Sungeni mumtima ankangobwereza: Yankho ndi amene wachita izi. Yankho.

9.
Tsiku lachitatu nyumba inaima, malata akuwala mpaka kuthobwa m'maso. Limbani anapemphera nthawi yaitali. Atatha anati, amayi, mawu anu.

ANambewe anaimirira, anamanga bwino chitenje.

Ndilibe mawu ambiri, ana anga. Ambuye adalitse amayi amene anabereka ana otere. Ali ndi mwayi.

Ameni, anayankha onse. Yankho anayang'ana pansi.

Minibasi italira, itadutsa mjigo, Sungeni anamenya chitseko.

Imani! Ndaiwala kanthu.

Anathamanga. M'nyumba yatsopano munalibe munthu. Anawapeza m'khitchini muja, akupinda mphasa imene anagonapo chiyambire mvula. Panalibe Limbani, panalibe foni. Sungeni anagwada pakhomo, utsi wakale ukumununkhira ngati ubwana.

Ama.

ANambewe anamaliza kupinda mphasa. Anaiimika pakona.

Mwaiwala chiyani, alendo?

Ama, ndine.

Fulumirani, anzanu angakusiyeni. Kumene mukupita n'kutali.

Kunja hutala inalira kawiri.

10.
Mlungu umodzi alendo asanabwere.

Foni inafikira kwa mkulu wa mpingo, amene anaitanitsa aNambewe. Ndine Yankho, mnzake wa Sungeni. Tikubwera naye Lolemba, amayi, kudzamanga.

ANambewe sanabwerere kunyumba. Anayenda khomo ndi khomo, mpango uli m'manja, atauiwala kuvala.

ANachisale, mwamva? Akubwera. Mwana wanga wa ku yunivesite. Ndi anzake, galimoto yodzadza. Ine ndimati akaphunzira adzatichitira manyazi, Ambuye andikhululukire. Wawauza onse za ine. Wawauza ndi za khitchini zomwe.

Ndiye tivale zoyera, anatero aNachisale.

Valani. Ndipha tambala uja. Mubwere nonse, mukhale pafupi, mudzamve nokha. Wakula, chizungu chili mbwee, koma akangofika pakhomo, olo pakhale anthu chikwi, amangoti Ama.