Pikapu Yofiira ya a Filipo

Basi yochokera ku Lilongwe itaima pa depoti ya pa Nkhotakota, Raston anawazindikira nthawi yomweyo achimwene ake, ngakhale anali ataonda komanso mutu utachita mbuu ndi imvi. A Filipo anatsika ndi sutikesi imodzi basi. Panali patatha zaka khumi ndi ziwiri chithawireni ku Zambia, anthu ena atawasemera chinyau kwa akuluakulu a nthawi ya chipani chimodzi. Tsopano kunali matipate, ndipo othawa anali kubwerera mmodzimmodzi.

Anakumbatirana, nalira pang'ono monga amalirira amuna pagulu, moyang'ana kumbali. Kenaka a Filipo, asanafunse za akazi awo a Dailesi, asanafunse za ana, anafunsa za galimoto.

Raston sanadabwe. Tsiku lothawa lija achimwene akewo anamufumbatitsa makiyi n'kumuuza kuti aisunge mpaka adzabwere. Makalata ochepa amene ankafika kudzera kwa anthu a ku Chipata onse ankathera pa funso lomwelo, ndipo iye ankayankha zoona zokhazokha, kuti galimoto ikuyenda. Pa zonse zimene anachitapo pa moyo wake, ichi ndicho ankanyadira kwambiri. Magalimoto a zaka zimenezo anali atasanduka makola a nkhuku kalekale, koma ya achimwene ake inali pamsewu tsiku ndi tsiku. M'mawa umenewo anaitsuka ndi sopo, nakana amayi onse a nsomba amene anamuimika panjira, kuopa kuti fungo lingalandire mwini wake. Ankangofuna chinthu chimodzi: abweze makiyi, amve achimwene akunena ndi pakamwa pawo kuti wasunga bwino.

Anafika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa depoti. A Filipo anatula sutikesi, natsamira galimoto imene inali pamenepo, maso akuyang'ana uku ndi uku.

"Nanga waimika kuti?"

"Ndi imene mwatsamirayo, achimwene."

A Filipo anachotsa dzanja ngati agwira mbaula yamoto. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuima kukamwa kuli yasa.

Kuti munthu amvetse kudabwa kwawo, ayenera kudziwa chimene anasiya. A Filipo anali makaniki pa esiteti ya shuga ku Dwangwa, ndipo pikapuyo anagula kwa injiniya wina wachizungu amene ankabwerera kwawo ku Joni. Sinali pikapu wamba, ndipo aliyense amene anakhalapo nawo benchi imodzi mbiri yake ankaidziwa pamtima, kufuna osafuna. Ankati fakitale ina ku Joniko inaona kuti alimi olemera atopa ndi magalimoto oyenda ngati ngolo. Ndiye inatenga pikapu ya kumunda n'kuikamo injini ya magalimoto ampikisano, ya masilinda asanu ndi atatu, n'kuwonjezera matayala otambalala, mipando yachikopa ndi mapaipi awiri a utsi onyezimira. Anaipaka penti yofiira ndi mizere yagolide m'mbali. Anapanga mazana atatu okha n'kulekera pomwepo, ndipo iliyonse anaidinda nambala yake pa injini. Ya a Filipo inali nambala 212. Ikalira pa Dwangwa agalu a ku Dwambazi ankauwa, koma izi ankanena ndi a Filipo eni ake.

Imene inaima pansi pa mangowo inali yabuluu, penti yotsala popaka maboti. Kumbuyo anaiwotcherera zitsulo zogwira anthu okwera matola, ndipo masipuling'i anaikamo a lole, moti inatukula kumbuyo ngati nkhuku yojompha chimanga. Matayala anali oonda, onse anayi osiyana mitundu.

Raston anayamba kufotokoza mwachangu, akumwetulirabe, poganiza kuti achimwene asowa chonena chifukwa cha luso lake. Penti yofiira anaichotsa chifukwa dziko lonse linkadziwa kuti ndi galimoto ya munthu wothawa, ndipo iye anatopa ndi kulozedwa zala. Matayala otambalala sankapezeka kulikonse, ndiye marimu ake anapita ku ngolo ya a Layson a m'mudzi mwawo. Mipando yachikopa inali kutchalitchi, ankakhalapo ansembe ndi alendo olemekezeka.

"Tsegula boneti," anatero a Filipo.

M'kati munali kainjini kadizilo ka masilinda anayi, kakusambira m'malo aakuluwo ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake. Raston anakasisita n'kunena kuti kameneko n'kakhama, ku Kasungu kupita ndi kubwera osamwetsanso panjira.

"Injini yanga ili kuti?"

"Ilipo, achimwene. Sitinagulitse ayi. Ili kunyanja."

"Kunyanja m'nyumba ya ndani?"

"M'madzi. Ndi nangula wa boti."

Mawuwo atangotuluka, Raston anawamva kwa nthawi yoyamba mmene amamvekera m'khutu la munthu wina. Zaka zonsezi palibe amene anamuuza kuti pali cholakwika, ndipo nayenso sanachionepo. Anauyamba ulendo wa kumudzi, njira ya ku Dwangwa ija. Kainjini kadizilo kankangokhosomola kokha.

Kunyumba anthu anali atadzaza. Amayi a m'mudzi analuluta, a Dailesi anagwada n'kulira, ndipo Eva, amene bambo ake anamusiya akukwawa, anaima chapatali atapinda manja, mtsikana wamtali wosadziwa choti achite ndi mlendoyo. A Filipo anapereka moni kwa onse ngati munthu wofika pamaliro. Anawaikira mpando pamthunzi, nkhuku ili pamoto, koma iwo sanakhale. Anangofunsa njira ya kudooko, ngati kuti sanabadwire pomwepo, n'kuuyamba. Raston anawatsatira, a Dailesi pambuyo pake.

Pagombe la kwawoko palibe miyala. Ndi mchenga wokhawokha, ndipo mwera ukabwera umanyamula boti n'kukalimenyetsa kumtunda. Choncho asodzi a kumeneko chitsulo cholemera sachitaya. Injini yakufa, giyabokosi, chilichonse chotero amachimanga tcheni n'kuchimiza, pamwamba n'kusiya chigubu choyandama chomangirirapo boti. Vuto linali loti injini ya a Filipo inalowa m'madzi isanafe. Raston anaichotsa ili yamoyo chifukwa inkamwa petulo ngati ili ndi bowo, ndipo matola sakanatheka nayo. Inakhala zaka zitatu pansi pa nkhokwe, itafundidwa masaka. Chaka china mwera utaswa maboti awiri padooko, Yasini, mnzake wa Raston amene ankayendetsera naye limodzi boti, anaipempha. Raston anaona kuti n'zanzeru: chitsulo chili pansi pa nkhokwe mbala zikhoza kuba, koma pansi pa nyanja palibe angachigwire.

Yasini anali padooko akusoka ukonde. Ataona mlendo anaimirira n'kupereka moni ndi manja awiri, ndipo pofuna kusangalatsa mwini chitsulo anayamba kuchitamanda.

"Wallahi, bwana Filipo, nangula ngati wanu uja kulibe kuyambira pano mpaka ku Dwambazi. Zaka zisanu ndi chimodzi sanasunthepo ngakhale phazi limodzi."

A Filipo anamuyang'ana. Kenaka anati aivuule injiniyo.

Yasini anayesa kukana mwaulemu. Anati mphepo ikusintha, mwera ufika masana omwewo, ndipo boti likhala lopanda pogwira. A Filipo anabwereza mawu omwewo, osakweza. Raston anangogwedeza mutu kuti zichitike, pakuti mphamvu yotsutsa inali itamuthera.

Panafunika amuna asanu ndi atatu, maboti awiri ndi mtanda wa bulugamu wopingasa pakati. Anakoka tcheni, mtanda ukulira, mpaka chinthucho chinazuka m'matope. Anachiyandamitsa pakati pa mabotiwo n'kuchikokera pamadzi osaya. Anthu amene anabwera kudzalandira a Filipo anali atatsikira kugombe onse, nkhuku ija ataiiwala.

Chimene chinatuluka sichinali injini. Chinali chibuma chakuda chotupa ndi dzimbiri, chovala ndere ndi nkhono, mabowo ake asanu ndi atatu atadzaza matope. A Filipo analowa m'madzi ndi nsapato zomwe, nagwada, buluku la suti likunyowa mpaka m'chiuno. Anapempha mpeni wa Yasini n'kuyamba kupala pakona pamene ankadziwa kuti pali nambala. Chitsulo chinkangosendeka zigambazigamba ngati khungwa la mtengo wouma. Anapala, napala, mpaka mpeni unalowa m'kati. Nambala panalibe. M'bowo lina munatuluka nkhanu n'kuthawira m'madzi. Munthu wina anayamba kuseka, koma ataona nkhope za anzake anameza chisekocho.

Raston ankafuna nthaka ing'ambike alowe. Iye amene m'mawa ankayenda motukula chifuwa, tsopano ankaoneka ngati mbala yogwidwa ndi katundu m'manja. Ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri n'choti sanabe kanthu.

A Dailesi ndiwo analephera kupirira. Anakwinya chitenje n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, nayankhula anthu onse akumva, zimene sanachitepo pa ukwati wawo wonse. Anawakumbutsa amuna awo kuti tsiku limene anathawa, abale ambiri anasiya kuponda pakhomo pawo, kuopa kuonedwa. Amene sanasiye anali mlamu wawoyo, Raston. Pikapu yonyozekayo ndiyo inkanyamula usipa kupita nawo ku Kasungu kuti ana adye ndi kupita kusukulu. Ndiyo inathamangira ndi Eva kuchipatala atakomoka ndi malungo. Ndiyo inanyamula bokosi la apongozi awo, mayi awo a Filipo ndi Raston, kuchokera kuchipatala kufika pakhomo.

"Bambo a Eva, ikanakhala m'shedi ikunyezimira, ife tikanadya penti yofiirayo?"

A Filipo anadzuka pang'onopang'ono, madzi akuyenderera. Anthu ankayembekeza mkuntho wa mawu, koma iwo anayankhula motsitsa, moti akutali sanamve.

"Sindikuti walakwa, amake Eva. Zonsezo ndazimva. Kungoti ku Zambia kuja ndinkadziwa kuti amayi ndidzapeza manda. Ndinkadziwa kuti ana sadzandidziwa, ndipo inu ndi ine tidzakumana titakalamba. Zonsezo ndinazilandira ndili komweko. Koma ndinkati chinthu chimodzi chokha ndidzachipeza mmene ndinachisiyira. Ndinkati ndidzaliza injini imeneyi kamodzi kokha, ndidziwe kuti ndafikadi kwathu."

A Dailesi anaphimba kumaso ndi chitenje.

Raston anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi. Anali atakonza mawu oti adzanene popereka, anawakonza zaka zambiri, koma onse anathawa. Anangotambasula manja awiri.

"Achimwene, ndinayesetsa."

"Unayesetsa," anatero a Filipo. Makiyiwo sanawagwire. "Sunga. Imeneyo ndi yako, waivutikira wekha. Yanga ndaiona."

Mphepo inali itayamba kukwinya madzi chakummwera, ndipo boti lopanda nangula lija linayamba kutembenuka lokha. A Filipo analiyang'ana, nabweza mpeni kwa Yasini n'kumuuza kuti achibwezere chitsulocho pamalo pake msanga boti lisanasweke. Amuna aja anathamangira tcheni. Iwo sanadikire kuti aone chikumira. Anakwera kumtunda okha, nsapato zikulira madzi.

Anthu ambiri anati nkhani yatha bwino, mpaka ena anamugwira dzanja Raston kuti wapatsidwa galimoto. Iye ankangoyang'ana makiyiwo. Sanamvepo mphatso yolemera m'manja ngati imeneyo.

M'mawa mwake banja lonse linakonzeka kupita kumanda a kumishoni, kuti a Filipo akaone pamene anagona mayi awo. Raston anaimika pikapu pakhomo, natsika, natsegula chitseko cha kutsogolo n'kuima pambali mwaulemu. A Filipo anatuluka m'nyumba atavala malaya oyera. Anamupatsa moni mng'ono wawo bwinobwino, namufunsa mmene wadzukira. Kenaka anadutsa chitseko chotsegulacho, naponda tayala, nakwera kumbuyo n'kukhala pakati pa amayi, dzanja litagwira chitsulo cha anthu a matola.

Raston anadikira pang'ono, chitseko chili m'manja. Palibe amene analimba mtima kukhala pampando umenewo. Anachitseka, nazungulira mbali yake, naliza kainjini kadizilo kaja.